Kubwezera difu pa vaneti: miyeso itatu yosayenera kudumphidwa

Okondedwa ophunzira athu, ndi inu nonse amene munatsiriza maphunziro pano ndipo tsopano mukulima kwanu, m'kalata ino tapatukako pang'ono pa nkhani za nthaka ndi mbewu. Tikambe za citsulo cija cooneka ngati dzungu cimene cili pansi pa galimoto, pakati pa mawilo awiri a kumbuyo, cimene amakanika amati difu. Ambiri a inu mwayamba kugula mavaneti akale, ena panokha, ena pamodzi ndi anzanu a m'kopaletivu. Galimotoyo ndiyo imabweretsa feteleza ndi mbewu mvula isanagwe, ndiyonso imapereka matumba a cimanga ku depoti mukakolola. Ikafa pa nyengo zimenezi, wovutika ndi munda.

Tikulemba cifukwa ca zimene zinationekera ife eni. Vaneti ya pano, Toyota Hilux yakale, inayamba kutaya oilo pa difu ndi kulira pang'ono. Tinaipereka kuti ikakonzedwe, koma poona kuti mitambo yayamba kusonkhana, tinam'fulumizitsa makanika kuti atsirize tsiku lomwelo. Iye anaikamo maberingi atsopano namanga mabawuti onse zolimba. Poyang'ana ndi maso zonse zinali bwino: panalibe podontha, panalibenso cogwedera. Patangopita masabata owerengeka, tikucokera ku tauni titanyamula feteleza, kulira kuja kunabweranso mokweza, ndipo tili pakati pa citunda kumbuyo kunamveka kuti khoo, galimoto n'kuima. Titatsegula tinapeza mano a magiya atabenthuka. Feteleza anafika mocedwa pa galimoto ya hayala, ndipo ndalama zimene tinasungira mankhwala a ng'ombe zinathera pa magiya atsopano. Mlandu sunali wa makanika yekha. Ifenso tinam'mana nthawi yoyeza.

Cimene tinaphunzirapo ndi ici: kumanga bawuti yomaliza si ndiko kutsiriza nchito ya difu. Nchitoyo imatha pamene miyeso itatu yagwirizana, ndiyo kuthina kwa maberingi a piniyoni, mpata wa pakati pa mano, ndi malo amene manowo akukhudzana. Kaya mudzakonza nokha, kaya mudzapereka kwa makanika, muyenera kuidziwa.

Nchito ya difu

Aliyense amene analimapo ndi ng'ombe amadziwa zimene zimacitika kumapeto kwa mzere. Pokhota, ng'ombe ya kunja imayenda mtunda wautali pamene ya mkati imangoponda pafupi-pafupi. Mawilo a galimoto nawonso amatero. Akanamangidwa pa citsulo cimodzi cosagawika, limodzi likanamakwekwereza pansi pa kona iliyonse, matayala n'kutha msanga, mashafuti n'kupotoka.

Mphamvu ya injini imadutsa mu giyabokosi, n'kutsika ndi propshaft mpaka pa giya yaing'ono yochedwa piniyoni. Piniyoni imazunguza giya yaikulu yonga mbale, yochedwa kirauni. Apa mphamvu imakhotera m'mbali, ku mawilo, ndipo liwiro limacepa koma kukoka kumakula. Ngati kirauni ili ndi mano 41 ndipo piniyoni ili ndi 10, propshaft imazungulira kanayi ndi pang'ono, ndiko kuti ka 4.1, kuti mawilo azungulire kamodzi. Mkati mwa cikho cimene kirauni yamangidwapo muli timagiya tina, timene amakanika amati spider gears, ndipo ndi timeneti timalola wilo limodzi kuthamanga kuposa linzake pokhota.

Pali cinanso cofunika kucidziwa. Piniyoni siikhala pakati penipeni pa kirauni, imakhala m'munsiko pang'ono. Motero mano ake akamakumana ndi a kirauni amaseserekanso pa anzawo, uku atasenza katundu yense wa galimoto. Ndiye cifukwa cake kuphonya kocepa ngati kunenepa kwa pepala kumakwanira kuwononga magiya odula.

Musanayambe kumanga

Coyamba ndi ukhondo. Musamangire difu pa dothi kapena pamene mphepo ikuulutsa fumbi. Yalani thumba loyera pa thebulo, tsukani zitsulo zonse ndi palafini, ndipo mutsukenso mkati mwa cigoba ca ekiselo cimene catsala pa galimoto. Ngati mano kapena beringi zinasweka, tizidutswa timabisala m'cigobamo mpaka kumene kumapita mashafuti, ndipo kamodzi kokha kakatsala kadzatafuna maberingi atsopano.

Caciwiri, kirauni ndi piniyoni zimapangidwa ndi kusalazidwa pamodzi ku fakitale, conco zimasinthidwa zonse ziwiri nthawi imodzi. Kukwatitsa kirauni ya difu ina ndi piniyoni ya difu ina ndi kutaya ndalama. Zipewa ziwiri zimene zimagwira maberingi a m'mbali nazonso zili ndi kwao: ca kumanja cibwerere kumanja, ca kumanzere kumanzere, cosatembenuzidwa. Muziike cizindikiro ndi ponci musanamasule. Citani cimodzimodzi pamene propshaft imalumikizana ndi fulanji ya difu.

Cacitatu cikukhudza inu ogula difu yogwirapo kale nchito. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Werengani mano a kirauni ndi a piniyoni, muyerekeze ndi difu yanu yakale, pakuti mavaneti a dzina limodzi amakhala ndi magiya osiyana, ena a 4.10, ena a 4.30, ena a 4.56 kapena 4.88. Pa galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi, difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ziyenera kufanana. Zikasiyana, mukangoika 4x4 mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo amayamba kulimbana, ndipo cimodzi mwa zitsulo za pakati pao cimagonja.

Pomaliza, ngati mukubwezera magiya omwewo akale, yezani mpata wa mano musanamasule ndi kuulemba, ndipo sungani washala wa kumutu kwa piniyoni. Magiya amene anazolowerana kale amafuna kubwerera pamalo pao pomwepo.

Muyeso woyamba: kuthina kwa maberingi a piniyoni

Piniyoni imakhala pa maberingi awiri osongoka oyang'anizana. Nati yaikulu ya pa fulanji ikamangidwa, imawapanikiza kuti shafuti isasewere kutsogolo ndi kumbuyo. Kupanikiza kumeneku amakanika amati preload. Kukacepa, piniyoni imagwedera ikasenza katundu, mano n'kumakumana molakwika, silu n'kuyamba kudontha. Kukaculuka, maberingi amatentha n'kupsa.

Pakati pa maberingi awiriwo, pa madifu ambiri a mavaneti, pali kapaipi kofinyika kochedwa collapsible spacer. Kamafupika pamene nati ikumangidwa, ndipo kakafupika sikabwereranso. Lamulo lake ndi limodzi: mangani pang'onopang'ono, mukuima ndi kuyeza. Mukapitiriza muyeso, musabweze nati m'mbuyo poganiza kuti mwakonza. Masulani, muikemo kapaipi katsopano, muyambirenso. Pa cifukwa cimeneci, amakanika odziwa amayamba amanga mongoyembekezera, popanda kapaipi ndi silu, mpaka miyeso ina iwiri itakhala bwino, kenako n'kumanga komaliza.

Cimene timayeza ndi mphamvu yofunika kuti piniyoni iyambe kuzungulira, kirauni isanaikidwe ndipo maberingi atapakidwa oilo. Pa mavaneti otere imakhala yaing'ono, pafupifupi 1 mpaka 2.5 N·m malinga ndi mtundu wa difu, ndipo maberingi akale amafuna yocepa kuposa atsopano. Nambala yeniyeni itengeni m'buku la galimoto yanu. Ngati mulibe sipanala yaing'ono yoyezera mphamvu, sikelo yolendewera ingathandize. Kulungani cingwe kuzungulira fulanji, kolowekani sikelo, ndipo kokani mofatsa mpaka fulanji iyambe kuyenda. Ngati kucokera pakati pa fulanji kufika pamene pali cingwe ndi masentimita 5, ndipo buku likufuna 2 N·m, sikelo iyenera kuonetsa pafupifupi makilogalamu 4. Mukatsiriza kumanga komaliza, khomani mlomo wa nati kuti ulowe m'kampata ka pa shafuti, nati isadzimasule.

Muyeso waciwiri: mpata wa pakati pa mano

Musanayeze mpata, kirauni ikhale bwino pa cikho cake. Pukutani nkhope zonse ziwiri, pasatsale ngakhale kamcenga. Kirauni imalowa mothina, conco itenthetseni m'madzi owira, muiumitse, muiveke msanga isanazizire. Musaiwambe pa moto kapena kuikhoma ndi hamala. Ikazizira mangani mabawuti modumphanitsa, iyi kenako ya kutsidya kwake, ndi torque wrench. Mukaika cikho pa maberingi ake, gwiritsani nchito dial gauge, geji ija yonga wochi, kuona ngati kirauni ikuzungulira mosapendama. Mabuku ambiri salola kupendama kopitirira 0.10 mm.

Mano a kirauni ndi a piniyoni sayenera kuthinana kotheratu. Pamafunika kampata kolowamo oilo, kopatsanso citsulo malo ofutukukira cikatentha. Mpata umenewu ndiwo backlash. Pa Hilux zambiri zakale buku limafuna 0.13 mpaka 0.18 mm. Pepala la m'kope ndi lonenepa pafupifupi 0.1 mm, ndiye kuti mpata wonsewo sufika pa mapepala awiri. Dzanja lokha silingathe kuusiyanitsa, ngakhale la munthu amene wakalambira mu galaji.

Kayezedwe kake n'kotere. Gwirani piniyoni kuti isasunthe, ikani nsonga ya geji pa dzino la kirauni moimirira, ndipo gwedezani kirauni uku ndi uku ndi dzanja. Kuyenda kwa muvi wa geji ndiwo mpata. Yezani malo atatu kapena anayi kuzungulira kirauni. Mpata ukakula, sendezani kirauni kufupi ndi piniyoni. Ukacepa, italikitseni. Pa madifu okhala ndi manati osinthira m'mbali zonse ziwiri, masulani nati ya mbali imodzi ndi kumanga ya mbali inayo mofanana, dzino limodzi uku, dzino limodzi uko. Madifu ena alibe manati otere, m'malo mwake ali ndi mashimu, ndipo mumapungula mbali imodzi n'kuwonjezera mbali inayo.

Maberingi a m'mbali nawonso amafuna kuthina kwao. Pa Hilux zakale, kusewera konse kwa m'mbali kukatha, nati imamangidwanso dzino limodzi kapena limodzi ndi theka. Mukatero mangani zipewa ndi torque wrench, yezaninso mpata, pakuti kumanga zipewa kumatha kuusintha, ndipo bwezerani tizitsulo totsekera manatiwo.

Muyeso wacitatu: pamene mano akukhudzana

Mpata ungakhale wolondola koma piniyoni italowa kwambiri kapena itatsalira kunja. Cimene cimaulula zimenezi ndi utoto. Pakani mopyapyala utoto wa amakanika, monga wabuluu uja wochedwa Prussian blue, pa mano atatu kapena anayi a kirauni, mbali zonse ziwiri za dzino, ndipo citani zimenezi malo atatu. Mnzanu apanikize kirauni ndi thabwa kuti ilemere, inu muzunguze piniyoni kutsogolo kangapo, kenako m'mbuyo kangapo. Pamene utoto wafufutika ndi pamene mano akukhudzana.

Dzino la kirauni lili ndi nsonga ndi tsinde, lilinso ndi mapeto a mkati, oyang'ana pakati pa kirauni, ndi mapeto a kunja. Cidindo cabwino cimakhala pakati pa dzino, cotalika, cosafika pa nsonga kapena pa tsinde, ndipo cingapendekere pang'ono ku mapeto a mkati, cifukwa katundu akalemera cimafalikira kunja. Cikakhala pa nsonga kapena ku mapeto a kunja, piniyoni ili kutali, ndipo ifunika washala wonenepako kumutu kwake kuti ilowe. Cikakhala pa tsinde kapena cikapanikizika ku mapeto a mkati, piniyoni yalowa kwambiri, ndipo ifunika washala wopyapyala.

Apa ndi pamene ambiri amatopera, cifukwa kusintha washala kumafuna kucotsa piniyoni ndi beringi yake, ndipo mukasintha washala, mpata nawonso wasintha. Mumayezanso, n'kupakanso utoto, mwina kawiri kapena katatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gawo limeneli ndilo tinalidumpha pa vaneti yathu.

Kubwezera pa galimoto

Imikani galimoto pamalo osalala ndi olimba. Chingani mawilo a kutsogolo ndi mitengo mbali zonse, pakuti handibuleki imagwira mawilo a kumbuyo, ndipo akanyamulidwa palibenso cogwira galimoto. Ikhalitseni pa masitandi acitsulo. Musalowe pansi pa galimoto imene yangoima pa jeke, pa njerwa kapena pa mabuloko a simenti, cifukwa zimenezi zimaphwanyika mosacenjeza. Mutu wa difu ndi wolemera, conco muunyamule anthu awiri.

Palani gasiketi yakale yonse pa cigoba, pukutani, muikepo yatsopano, kapena pakani silikoni yoyenera oilo wa magiya mopyapyala. Yoculuka imafinyikira mkati n'kusakanikirana ndi oilo. Lowetsani mutu wa difu molunjika, ndipo mangani manati ake modumphanitsa, pang'onopang'ono, mpaka afike pa mphamvu ya m'buku.

Kenako bwezerani mashafuti a mawilo. Ikani masilu atsopano kumapeto kwa cigoba, apakeni girisi pang'ono, ndipo polowetsa shafuti muinyamule kuti isakhule silu. Ikafika mkati, izunguzeni pang'ono mpaka mano a kumapeto kwake alowe okha. Musaikhome. Silu ikang'ambika, oilo amapita pa mabuleki, ndipo buleki yonyowa ndi oilo siigwira. Pa Hilux ndi mavaneti ena ambiri, kucotsa shafuti kumafuna kumasula paipi ya mabuleki. Mukaibwezera, cotsani mpweya m'mabuleki mpaka pedulo ilimbe, lumikizani waya wa handibuleki, ndipo musaturuke pa geti musanayese kuima. Propshaft ibwerere pa cizindikiro cimene munaika, kuti galimoto isanjenjemere.

Pamwamba pa cigoba pali kabowo kopumira, kochedwa breather. Kazunguzeni kapewa kake, mukatsuke. Kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umasowa poturukira n'kukankha oilo pa masilu, ndipo mwini amasintha masilu kawiri katatu osadziwa gwero la vuto.

Tsitsani galimoto, iime mowongoka, ndipo thirani oilo wa magiya wolembedwa GL-5, wa SAE 90 kapena 80W-90, mpaka ayambe kubwerera pa bowo lothirirapo. Oilo wa injini sangathe kupirira kuseserekana kwa mano kuja. Difu ya mtundu wa limited slip ili ndi oilo wakewake wolembedwa LSD. Inu a mathirakitala samalani: pa ambiri, monga Massey Ferguson 135, giyabokosi, difu ndi haidiroliki zimamwera oilo mmodzi, conco tsatani buku la thirakitalayo.

Kuyesa ndi kusamala

Yambani ndi ulendo waufupi wopanda katundu, mawindo ali otsegula, wailesi itazimitsidwa. Mukaima, yandikizani dzanja pa difu mosamala. Kufunda n'kwacibadwa, koma ikatentha mosagwirika pa ulendo waufupi wotere, cina cathina kwambiri kapena oilo wacepa. Yang'anani ngati pali podontha.

Makutu adzakuuzani zambiri. Kulira kwa mluzu kumene kumabwera mukaponda mafuta, kapena mukacotsa phazi, kumaloza ku mano osakhudzana bwino kapena ku maberingi a piniyoni omasuka. Kugogoda mukamanyamuka kapena posintha giya kumasonyeza mpata waukulu, ngakhale kuti majoini a propshaft akatha amagogodanso cimodzimodzi. Kung'ung'udza kokula pamodzi ndi liwiro ndi kwa maberingi. Phokoso lomveka pokhota pokha limacokera ku timagiya ta mkati tija, kapena ku beringi ya wilo. Mukamva ciliconse mwa izi difu itangomangidwa, bwererani msanga, mano asanadyane.

Magiya atsopano amafuna kuzolowerana. Pa makilomita pafupifupi 800 oyambirira musakoke ngolo kapena kudzaza katundu wolemera, ndipo akakwana sinthani oilo. Pomasula, yambani ndi bawuti yothirira, kuopa kukhetsa oilo yense kenako n'kupeza kuti yothirira yakana. Bawuti ya pansi ili ndi maginito. Ufa wosalala wotuwa pamenepo si wodetsa nkhawa, koma tizidutswa togwirika ndi zala ndi cenjezo.

M'dzinja, mukawoloka mtsinje madzi n'kufika pa ekiselo, onani oilo mukafika kunyumba. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira imatha kuyamwa madzi, ndipo oilo akaoneka ngati tiyi wa mkaka, asintheni. Mukatitimira m'matope, musaumirire kuzunguza wilo limodzi mothamanga pamene linzake laima, pakuti timagiya ta mkati timapsa. Matayala awiri a kumbuyo akhale a saizi imodzi. Ndipo kumbukirani kuti vaneti yopangidwira tani imodzi imakwana ndi matumba 20 a makilogalamu 50, osawerengera anthu okwera pamwamba pake.

Kwa amene mudzapereka kwa makanika

Si aliyense adzakhala ndi geji ndi masipanala oyezera, ndipo palibe manyazi kupereka nchitoyi kwa wodziwa. Koma safunsa anadya phula. Mufunseni mwaulemu ngati ali ndi dial gauge, ngati waikamo kapaipi katsopano, kuti mpata waupeza wotani, ndipo mum'pemphe akuonetseni cidindo ca utoto asanatseke. Makanika wabwino sakwiya ndi mafunso otere, amakondwa kuonetsa nchito yake. Koposa zonse, m'patseni nthawi. Konzetsani galimoto m'cilimwe, mutatha kugulitsa, osati sabata imene feteleza akukudikirani ku tauni.

Timaphunzitsana pano kuti nthaka, ziweto ndi zipangizo ndi zinthu zimene Mulungu watisungitsa, ndipo wosungitsidwa amayenera kukhala wokhulupirika ngakhale pamene palibe womuona. Mkati mwa difu simuoneka mukatseka, koma zimene munacitamo zimadzadziwika pa citunda, galimoto itasenza. Magiya athu obenthuka aja tawasunga mu shedi ya zipangizo, pamodzi ndi geji ndi utoto. Amene muli pa maphunziro mudzawagwira ndi manja anu, ndipo inu amene munatsiriza kale, mukadzabwera kudzationa, mudzafike ku shediko tidzayezere pamodzi.